Sitima Zoseŵeretsa za Ana a ku Khonjeni

Nkhani ya lero ikuchokera ku Khonjeni, m'boma la Thyolo, kudera la minda ya tiyi. Njanji yodutsa kumeneku idatsegulidwa m'chaka cha 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene tsopano kumatchedwa Nsanje, mpaka ku Blantyre. Mbadwo uliwonse wa ana okulira m'mbali mwa njanjiyi wakhala ukupanga sitima zoseŵeretsa, motengera sitima imene udaiona ndi maso.

Amene adali ana m'masiku a sitima yamalasha ankaumba injini ndi dongo, osaiŵala chumuni chotulutsira utsi, mabogi nkukhala a mapesi. M'mabogimo ankalongamo masamba, kutsanzira tiyi amene ankapita kudoko la Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana, umene udatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1935. Ana awo adakula injini zadizilo zitaloŵa m'malo, motero chumuni chija chidazimirira. Iwoŵa ankapinda mawaya, napangira mikombero zitsekerero za mabotolo.

M'chaka cha 1997 madzi osefukira adakokolola njanji cha ku Chiromo. Mwana amapanga chimene amaona. Amene saona sitima kaŵirikaŵiri amapinda minibasi kapena njinga yamoto. Lusolo ali nalo ndithu, koma mbiri ya njanji ya kwawo ikhoza kumdutsa.

Tsono makolo asaayese maseŵera ameneŵa chibwana chabe. Mwana wopanga sitima amaphunzira kuyeza, pakuti mikombero ikasiyana kukula sitimayo imapendekeka, ndipo mabogi akapanda kulumikizidwa bwino amatsalira m'njira. Amisiri ndi amakaniko amayambira pa zotere. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Agogo amene adakwerapo sitima yamalasha akhale pansi ndi adzukulu awo, aumbe nawo injini yadongo, nawatchulire masiteshoni monga Sandama, Khonjeni, Luchenza ndi Limbe. Aphunzitsi amene angathe apite ndi ana kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, akaone injini yamalasha yeniyeni. Koma onse akumbutse anawo kuti sitima yamawaya njoyendetsera pabwalo, osati panjanji, popeza sitima yeniyeni siima msanga.