Mabisiketi a Galu ndi Makhukhi a ku Concession

Nkhani ya lero icokera ku Concession, m'cigwa ca Mazowe, kumpoto kwa mzinda wa Harare, umene dzina lace linali Salisbury kufikira caka ca 1982. Dera limeneli ndi la cimanga. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, mapulazi a Azungu kumeneko anali odzala ndi anthu ocokera ku Nyasaland ndi ku Tete. Ambiri anali kulima, koma ena analowa nchito ya ukhukhi, ndipo anamveka mbiri cifukwa ca luso lao pa citofu ca nkhuni.

Khukhi wa pa pulazi sanali kuphikira anthu okha. Agalu a bwana analinso ndi mphika wao, ndipo pa nyumba zina khukhi anali kuwaotcera mabisiketi. Nkhani imeneyi inali yowawa ku komboni, pakuti phoso la wanchito linali ufa, nyemba, mcere ndi kanyama kocepa, cikhalireco galu alikudya ciwindi. Palibe cifukwa cobisira zimenezi. Komabe luso limene amuna aja anaphunzira silinali la bwana, ndipo lingathandize ali yense woweta galu.

Mabisiketi a galu anayamba kugulitsidwa ku London ca m'ma 1860 ndi munthu wa ku America, dzina lace James Spratt. Iye anasakaniza ufa wa tirigu, nyama ndi ndiwo za m'dimba, naumitsa zonse pamoto. Cinsinsi cace cinali kuumitsako, ndipo cidakali comweco.

Wofuna kuyesa atenge makapu awiri a mgaiwa, kapu imodzi ya ufa wa tirigu, dzira limodzi, ndi ciwindi ca ng'ombe cacikulu ngati cikhatho. Awiritse ciwindico, acisinje mu mtondo, nasakanize zonse ndi msuzi wace kufikira zitagwirana ngati nsima yolimba. Tsono apapatize ndi botolo mpaka kucindikala kwace kulingane ndi cala cakanise, nadule timagawo. Uvuni ukhale wotentha pang'ono, osati wopsereza. Amene alibe uvuni acite monga mai acitira ndi cikondamoyo: mphika wacitsulo, makala pansi, makala pa cibvundikiro. Zikapsa azitulutse, moto ukazirala azibwezeremo, zigone m'menemo usiku wonse. M'mawa bisiketi lizithyoka ndi kaphokoso. Lofewa pakati silikhalitsa; pakapita masiku owerengeka limamera cuku.

Anyezi ndi adyo asalowemo konse, cifukwa zimaononga magazi a galu pang'onopang'ono, mwini wace osadziwa. Cokoleti ndi mphesa zouma nazo ndi ululu kwa iye, ngakhale ana amakonda kumponyera. Shuga safunika. Ndiponso mabisiketi si cakudya ca tsiku lonse ai: awiri kapena atatu akwanira, makamaka galu akamvera poitanidwa, pakuti ciwindi cocuruka cimamdwalitsa.

Koma coopsa koposa cili mu ufa. Anthu ambiri akaona cimanga cobvunda pansi pa nkhokwe amati, tiyeni tigaitse, cikhale ca galu. Kulakwa kwace ndi kumeneku. Cimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaumitsitse, cuku cimene cimamera pamenepo cimatulutsa ululu dzina lace aflatoxin. Akatswiri anauzindikira nkhukutembo zambirimbiri zitafa ku England m'caka ca 1960, zitadya cakudya ca mtedza woonongeka. Ululu umenewu umapha ciwindi, ndipo kuwiritsa kapena kuotca mu uvuni sikuuthetsa. Galu woudya amakana cakudya, amasanza, maso ndi nkhama zimasanduka zacikasu, ndipo kawirikawiri amafa mankhwala asanamthandize.

Izi si nthano. M'caka ca 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi ululu womwewu. Poyesa ufa wa ku zigayo zina, anaupezanso m'menemo, ndiwo ufa umene anthu anali kuphikira nsima. Agalu aja anafa coyamba cifukwa thupi lao silipirira ululuwu monga la munthu. Kwa munthu umatha kugwira nchito mobisika zaka zambiri, nubala nthenda ya khansa ya ciwindi.

Cotero mai akatapa ufa wa mabisiketi a galu, atape m'thumba lomwelo limene atapamo wa ana ace. Ngati ufawo ununkha cinyontho kapena uwawa pa lilime, autaye kudzala ndi kuukwirira, kumene galu, nkhuku ndi nkhumba sizingaufukule.