Nyanja Yamchere Ili Kutali, Koma Imafika Pakhomo Pathu

 Lero tikambirana za nyanja yamchere ya Indian Ocean, ija ili ku Beira ndi ku Quelimane. Ambiri a ife kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga sitinaionepo ndi maso. Komabe imakhudza thanzi la ana athu chaka ndi chaka.

Tiyambe ndi namondwe. Namondwe amabadwira panyanja madzi ake akafunda kwambiri, makamaka kuyambira November mpaka April. Nthunzi imakwera, mitambo imasonkhana n'kuyamba kuzungulira, kenako mphepo ndi mvula zimalowa kumtunda. Mu March 2019 Idai anagwetsa nyumba ku Beira ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko muno. Mu January 2022 Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Mu 2023 Freddy analowa kawiri, koyamba kufupi ndi Vilankulo, kachiwiri ku Quelimane.

Mphepo ikaleka, vuto silinathe ayi. Madzi osefukira amagumula zimbudzi n'kukokolera chimbudzi m'zitsime ndi m'madambo momwe timatunga. Apa ndi pamene kolera imayambira. Ku Beira Idai atapita, anthu masauzande anadwala kolera. Ku Quelimane zinachitikanso chimodzimodzi Freddy atadutsa. Madzi angaoneke oyera mbee m'chidebe, koma tizilombo take sitioneka ndi maso.

Ndiye tichite chiyani? Madzi akumwa tiziwawiritsa mpaka abwate, kapena tithiremo Certeza motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30. Tiziwasunga m'chidebe chovundikira. Tizisamba m'manja ndi sopo kapena phulusa tikachokera kuchimbudzi, tikasintha mwana thewera, komanso tisanaphike ndi kudya. Tisasambire m'mbale imodzi banja lonse, tizithirirana madzi.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Kolera itha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa thupi limauma. Sungunulani paketi imodzi ya SRO m'lita imodzi ya madzi abwino. Ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Wodwala azimwa pang'onopang'ono muli m'njira yopita kuchipatala. Amayi, mwana woyamwa musamusiyitse bere.

Mwina mukufunsa kuti, kodi a zanyengo amadziwa bwanji kuti namondwe akubwera pamene kuno kuli dzuwa? Amamuona kuchokera kumwamba. Mu 1961 Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko ali m'mlengalenga. Mu 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America anaponda pamwezi. Kuyambira 2000 mpaka lero, anthu amasinthana kukhala pa siteshoni ya mumlengalenga. Kumeneko kulinso makina otchedwa satelayiti amene amajambula mitambo usana ndi usiku. Zithunzi zake zimathandiza a INAM kuona komwe namondwe akulowera masiku angapo asanafike, ndipo a INGD amatichenjeza pa wailesi. Mukamva chenjezo, musanene kuti “tinazolowera”. Samukirani kumtunda, mutenge makadi a kuchipatala a ana, mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, ndi masikito, popeza malungo amachuluka madzi akadikha.

Nyanja ili ndi zabwino zakenso. M'madzi ake ndi m'nsomba zake muli ayodini, amene thupi limamufuna pang'ono chabe koma tsiku lililonse. Dothi la kumapiri kuno lili ndi ayodini wochepa, ndiye chimanga ndi ndiwo zathu sizitipatsa wokwanira. Akasowa, khosi limatupa, nthenda ija timati chithokomiro. Choopsa kwambiri ndi kwa mayi woyembekezera: ubongo wa mwana sukula bwino, ndipo mwanayo amadzavutika kusukulu. Dziwani kuti mchere wongoumitsa kunyanja ulibe ayodini wokwanira. Pogula, fufuzani paketi yolembedwa kuti “sal iodado”. Kunyumba usungeni m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi.

Tisanatseke, nayi ntchito ya sabata ino. Abambo, onani ngati chimbudzi chili cholimba ndiponso chotalikirana ndi chitsime mvula isanayambe. Amayi, onani paketi ya mchere ndi chivundikiro cha chidebe. Achinyamata, kawuzeni agogo amene alibe wailesi zimene mwamvazi. Amene ali ndi funso akaonane ndi APE wa m'mudzi mwake kapena apite kuchipatala chapafupi.