KUDIKIRA WOFIKA M'MBUYO

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi



Mwandipatsa mutu waukulu, ndiwo cikondi ca Cikristu ndi nchito ya Mpingo, koma nthawi mwandipatsa yocepa. Cotero sindidzayesa kusenza mtolo wonse. Ndidzasololapo nkhuni imodzi yokha. Tonsefe tiudziwa mutu 13 wa kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto. Tiumva pa maukwati, tiuphunzitsa kwa ana kuti auloweze pamtima, ndipo ena a inu mukhoza kuunena wonse osayang'ana m'buku. Koma ali owerengeka amene afunsa kuti mau amenewa analembedwa kwa yani, ndi cifukwa ninji. Sanalembedwe kwa mkwati ndi mkwatibwi pa tsiku lao la cimwemwe iai. Analembedwa kwa mpingo wokangana, umene anthu ace anali kucititsana manyazi ngakhale pa cakudya.

Tiyambe tauona mudziwo. Korinto ali m'dziko la Agriki, pafupi ndi kamtunda kopapatiza ka makilomita 6 okha, kamene kalekanitsa nyanja ziwiri. Aroma anaupasula mudziwo m'caka ca 146 Kristu asanabadwe, ndipo unakhala bwinja zaka zoposa 100 pang'ono, kufikira Julius Caesar analamula kuti umangidwenso m'caka ca 44 Kristu asanabadwe. Ambiri mwa anthu amene anaikidwamo anali akapolo omasulidwa. Popeza mudziwo unali ndi madooko awiri, lina kum'mawa ndi lina kumadzulo, malonda anauthamangira, ndi anthu a mitundu yonse anadza kudzafuna cuma. Amene munakhalako ku matauni a ku migodi muudziwa mkhalidwe wa malo otere: munthu safunsidwa za mbumba yace kapena za mfumu ya kwao, koma ayesedwa ndi cimene ali naco m'thumba.

Paulo anafikako ngati m'caka ca 50, nakhalako caka cimodzi ndi miyezi 6, nasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Nyengoyo tiidziwa bwino cifukwa anamtengera ku bwalo la kazembe Galiyo, ndipo mwala wolembedwa umene unapezeka ku Delphi usonyeza kuti Galiyo analamulira dzikolo m'zaka za 51 ndi 52. Patapita zaka zitatu kapena zinai, Paulo ali ku Efeso, anthu a m'nyumba ya Kloe anamfotokozera kuti mpingo umene anausiya wagawikana. Pamenepo ndi pamene analemba kalatayi.

Mu mpingomo munali anthu ena a maina: Krispo, amene anali mkulu wa sunagoge, Erasto, wosunga cuma ca mudzi, ndi Gayo, amene nyumba yace inali yaikulu yokhoza kulandira mpingo wonse. Koma Paulo yekha acita umboni kuti ocuruka anali anthu wamba, ndipo ena anali akapolo. Nyumba zomangidwira mapemphero kunalibe masiku amenewo. Anthu anali kusonkhana kwa mbale wolemera, ndipo Mgonero wa Ambuye sunali kanyenyeswa ka mkate ndi kadontho ka vinyo monga tiulandira ife, koma cakudya ceniceni ca madzulo.

Tsono tacherani khutu, pakuti nkhani yagona pano. M'nyumba ya Mroma wolemera, cipinda codyeramo cinali ndi makama atatu, ndipo pa kama uliwonse panaseama anthu atatu: onse pamodzi anthu 9. Otsalawo malo ao anali pa bwalo la m'kati mwa nyumba. Ndiponso tsiku loyamba la sabata silinali tsiku lopumula; lamulo lotere linadza ndi mfumu Constantine m'caka ca 321. Munthu waufulu ndi wacuma anakhoza kufika dzuwa likali pamwamba. Kapolo, kapena wosenza akatundu ku dooko, anafika mbuye wace atammasula, mdima utagwa. Ambiri amene asanthula kalatayi aganiza kuti zinacitika motere: oyamba kufika analowa m'cipinda cija, nayamba kudya zonona zimene anabwera nazo, ofika m'mbuyo anaima pabwalo, napeza mbale zili mbee. Cimene Paulo anena poyera ndi cakuti ena anali kucokapo atakhuta ndi kuledzera, pamene anzao anakagona ndi njala.

Ndifuna muone cinthu cimodzi cimene cindiopsa ine. Anthu olemerawo sanacite kanthu kamene anansi ao akanakayesa koipa. Sanampande munthu, sanampitikitse munthu pakhomo. Mwambo wa Aroma unalola mwini nyumba kupatsa alendo ace zakudya zosiyana monga mwa ulemu wao; Pliny, mlembi wa Ciroma, asimba m'kalata ina za phwando limene mwini wace anagawa vinyo wa mitundu itatu, wabwino kwa iye mwini ndi abwenzi ace a pamtima, wocepa kwa abwenzi wamba, ndi wotsikitsitsa kwa akapolo omasulidwa. Akristu a ku Korinto anangolowa nao mwambo wa mudzi wao m'nyumba ya Mulungu osaubvula pakhomo. Anafika pa nthawi yace, anakhala ndi anzao, anadya zao. Koma Paulo awauza kuti cimene ali kudyaco si Mgonero wa Ambuye konse, ndi kuti ali kupeputsa Mpingo wa Mulungu. Mankhwala amene awapatsa ali apafupi modabwitsa. Sawauza kuti agulitse nyumba zao, kapena kuti asale kudya. Awauza kuti adikirane, ndi kuti wosakhoza kupirira njala ayambe wadya kwao.

Mitu ndi ndime zimene tiziona m'Baibulo sizinacokere kwa Paulo. Mitu inagawidwa ndi Stephen Langton kuciyambi kwa zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a ndime za Cipangano Catsopano anaikidwa ndi Robert Estienne m'caka ca 1551. Akorinto anaimva kalatayi yonse monga mtsinje umodzi, ili kuwerengedwa mokweza, kapena m'nyumba yomweyo imene munacitikira zamanyazizo. Anamva za cakudya. Pomwepo anamva kuti ali thupi limodzi, ndi kuti ziwalo zooneka zofooka ndizo zosati nkuzitaya. Ndipo pomwepo anamva za cikondi. Mkhalidwe woyamba wa cikondi umene Paulo auchula ndiwo kuleza mtima. Liu la Cigriki limene alemba pamenepo lapangidwa ndi mau awiri, lina lonena za utali ndi lina lonena za mtima wotentha. Tinganene kuti mtima wautali, wosiyana ndi uja ife tiucha mtima wapacala. Kodi muganiza kuti munthu amene anali kudya osadikira mbale wace sanadzimve pamene mau amenewa anawerengedwa?

Kwa inu ophunzitsa cinenero ndionjezepo ici. Kuyambira ndime 4 kufikira ndime 7 Paulo anena zinthu 15 za cikondi, ndipo m'Cigriki zonsezo ndi aneni. Palibe mfotokozi ngakhale mmodzi. Safotokoza maonekedwe a cikondi kapena kukoma kwace m'cifuwa. Anena zimene cicita ndi zimene cikana kucita. Mwana wa sukulu akakufunsani kuti cikondi ncotani, yankho la Paulo liyenera kulembedwa pa bolodi pansi pa mau a nchito.

Pamenepa tiona nchito ya Mpingo. Tinganene zambiri za kulalikira ndi kuphunzitsa ndi kubatiza, ndipo zonsezo nzoona. Koma m'Korinto monse, mudzi wa madooko ndi misika ndi mabwalo a milandu, panayenera kukhala nyumba imodzi mmene munthu wa dzina akhala manja ali khale, cakudya cili kuzizira, cifukwa kapolo sanafike. Kapoloyo sanadikiridwe kwina kulikonse. Moyo wace wonse ndiye anali wodikira ena. Ngati ngakhale pa gome la Ambuye apeza makombo, Uthenga umene anaumva ukhala wabodza kwa iye, ungakhale ulalikidwe ndi lilime lotani. Makolo athu sakanabvutika kumvetsa ici. Pa cidyerano banja lililonse linali kutulutsa nsima yace, ndipo mwana wamasiye anali kudya ndiwo za nyumba imene munaphedwa nkhuku. Nzacisoni kuti zimene mudzi unadziwa usanamve za Paulo, ife ophunzira tifulumira kuziiwala.

Tsopano ndifike kwathu ku sukulu, pakuti nayonso ili ndi cipinda ca anthu 9 ndi bwalo la otsala. Simuyenera kuuzidwa za ana aja a pa benci la patsogolo, amene atukula dzanja funso lisanathe. Awa ndiwo atikondweretsa. Akalowa mlendo woyendera sukulu ndiwo tiwaloza. Pofika mayeso ndiwo atitengera mbiri. Ndipo osadziwa tiyamba kudya nao. Phunziro liyenda monga mwa liwiro lao, ndipo pamene uja wa kumbuyo ali kulimbana ndi mzere woyamba, ife tafafaniza kale pa bolodi. Sitinampande, sitinampitikitse. Tangoyamba pa nthawi yace ndi iwo amene analipo.

Ofika m'mbuyo ali a mitundu yambiri. Alipo wofika m'mbuyo ndi miyendo: mwana amene aoloka mtsinje wodzala m'dzinja, kapena mtsikana amene ayamba watunga madzi ndi kutsuka mbale, pamene mlongo wace wanyamuka kale. Alipo wofika m'mbuyo ndi mutu, amene cinthu acimva pa tsiku lacitatu. Ndipo kawirikawiri mwana wotere akacigwira sacitayanso. Alipo wofika m'mbuyo ndi zaka. Kuyambira 1997 lamulo la m'dziko muno lilola mtsikana amene anaima kuti abwerere ku sukulu atabala. Koma lamulo lingomtsegulira citseko, silingamcititse kuti akhale wolandiridwa. Cimeneco cili m'nkhope ya mphunzitsi pa m'mawa woyamba, ndipo kalasi lonse liyang'ana nkhopeyo. Ndiponso ciyambire 2022, pamene ndalama za sukulu zinacotsedwa, afika ana ambiri amene kale anali kutsala ku mudzi, ena akuluakulu osadziwa kugwira pensulo. Ndimva madandaulo akuti zipinda zadzala, ndipo madandaulowo ngoona. Koma tikumbukire kuti awa ndiwo aja anali pabwalo.

Nchito yotere si yacilendo kuno kum'mawa. Ku Magwero, kufupi ndi Chipata, kuphunzitsa ana osaona kunayamba m'caka ca 1905, pa nthawi imene anthu ambiri sanaganize kuti mwana wotere angawerenge. Amene anayamba nchitoyo anayenera kutsata cala ca mwana pa pepala, cilembo cimodzi cimodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndidziwa cimene ena a inu muli kunena mumtima, ndipo sindicipeputsa. Muli kuti: Ndili ndi kalasi lodzala, ndi nchito ya caka yoti ndiitsirize, ndikadikira mmodzi ndilakwira makumi asanu, ndipo mwana wanzeru nayenso ali ndi njala yace. Nzoona. Paulo amene analamula kudikirana ndiye yemweyo amene, m'mutu 14, alamula kuti msonkhano uyende molongosoka, olankhula alankhule mmodzi mmodzi. Kudikira sikutanthauza kuimitsa belu, kapena kukweza mwana amene sadziwa kanthu pomcitira cifundo cabodza. Kumeneko ndiko kumtaya mwaulemu. Taonaninso kuti Paulo sanamletse wanjala kudya; anangomuuza kumene akadyere. Mwana wacangu mpatseni buku lina, mpatseni masamu obvuta akalimbane nao payekha, pena mkhazikeni pambali pa mnzace wocedwa amthandize. Adzapeza kuti cimene waphunzitsa wina wacidziwa kawiri. Koma nthawi imene kalasi lonse lili pamodzi ikhale ya onse. Mphunzitsi akafunsa funso, nakhala cete kamphindi osaloza dzanja loyamba, manja ena amene sanatukulidwepo ayamba kukwera. Kamphindi kameneko sikadzaononga nchito ya caka.

Ndisakunyengeni kuti kalata ya Paulo inatha matendawo. Ngati m'caka ca 96, Clement wa ku Roma analembera mpingo womwewo wa Korinto, popeza anali atakangananso, nacotsa akulu ena pa udindo wao. Ndipo anawauza kuti atengenso kalata ya Paulo aiwerenge. Zaka 40 zinali zitapita, ambiri a mbadwo woyamba anali m'manda, koma phunziro linali lomwelo. Aphunzitsi sitidabwa nazo, pakuti caka ndi caka tilandira ana atsopano ndi kuyambanso pa a, e, i, o, u. Ndipo Akorinto, tiwacitire cilungamo, sanazitaye kalata zowadzudzulazo. Ngati m'caka ca 170 bishopu wao Dionysius analemba kuti ya Clement ija anali kuiwerengabe mu msonkhano.

A Mpando, pamene tigawikana m'magulu madzulo ano, ndipempha kuti gulu lililonse likambirane mwambo umodzi umene upezeka m'sukulu zambiri. Mwana akacedwa, timpatsa cikwakwa akacheche udzu, kapena tsace akasese bwalo, pa nthawi yomweyo imene anzace ali kuphunzira masamu. Motero amene anataya theka la phunziro ataya lonse, ndipo mawa, polephera, alangidwanso. Gulu lililonse libwere ndi yankho pa mafunso awiri: tidzasiyanitsa bwanji mwana wocedwa ndi ulesi ndi mwana wocedwa ndi mtsinje, ndipo ngati cilango ciyenera, cidzaperekedwa pa ora liti. Alembi a magulu adzatiwerengera mayankho ao mawa m'mawa tisanatseke msonkhano.