Kulipira Sukulu ya Drone: Kufesa Mbewu Kapena Kutaya Ndalama?

Mau amene anayankhula mmodzi wa ife pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu



Pondipempha kuti ndiyankhule lero, a mlembi anandichenjeza kuti ndisatenge nthawi yonse kufotokoza za ntchito yanga ya m'boma, chifukwa ena mungayambe kuodzera. Motero ndasankha funso limene anthu atatu a m'bungwe lathu lomwe lino andifunsa chaka chino. Omaliza kundifunsa ndi mayi amene anali kalasi imodzi patsogolo panga. Mwana wawo analemba mayeso a Fomu 4, ku yunivesite sanasankhidwe, ndipo tsopano waona chilengezo pa foni cha maphunziro oulutsa drone. Ndalama imene akuitanitsa ikufanana ndi ya feteleza wa munda wawo wonse. Anandiimbira foni usiku nati, "Achimwene, inu zimenezi mumaziona ku ntchito. Ndimulipirire mwanayu kapena ndigule feteleza?" Funso lotere siliyankhidwa mothamanga, pakuti pali nkhokwe ya banja pakati.

Kwa amene simunaione pafupi, drone ndi kandege kopanda munthu m'kati, kamene woulutsa amakayendetsa ali pansi atagwira limoti. Zambiri zimene timaziona pa maukwati zili ndi timapiko tinayi tozungulira, kamera, batire, kampasi ndi GPS. Batire imodzi imakhala m'mwamba pafupifupi mphindi 20 mpaka 30, basi.

Tisaganize kuti zimenezi ndi za azungu okha. Mu Malichi 2016, boma lathu ndi bungwe la UNICEF anayesa kunyamula pa drone magazi ouma a makanda, ofuna kuyezedwa HIV, kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono za mu Lilongwe kupita ku Kamuzu Central. Mu Juni 2017 anatsegula ku Kasungu dera loyeserako ma drone a ntchito zothandiza anthu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Ofufuza za malungo anagwiritsako ntchito drone pofunafuna madzi odikha amene udzudzu umaswaniranamo. Mu Januwale 2020 inatsegulidwa ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy, mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, ndipo inagwiranso ntchito ndi yunivesite yathu ya MUST ku Thyolo. Kwa anzathu a ku Rwanda, kampani ya Zipline inayamba kutumiza magazi ku zipatala pa drone mu Okutobala 2016. Choncho mwana amene akulakalaka luso limeneli sakulota masana. Funso ndi lakuti: alowere khomo liti?

Ndiloleni ndiyambe ndi kuulula manyazi anga. Chaka cha 2019, namondwe wa Idai atasefukiritsa madzi ku chigwa cha Shire, ndinaona ku ofesi mapu opangidwa ndi zithunzi za drone, oonetsa bwinobwino nyumba zimene zinagwa ndi minda imene inakwiririka ndi mchenga. Mtima unandigunda. Patapita zaka ziwiri ndinagula drone yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnzanga wochokera ku Johannesburg. Ndinadziuza kuti munthu wa digiri ngati ine sindingalipire wina kuti andiphunzitse chidole. Ndinaonera makanema pa YouTube, ndipo kwa masabata atatu ndinkaiulutsa pa bwalo la mpira ana akundiombera m'manja.

Tsiku lina mu Julaye, mwera ukuomba, ndinaitumiza kutsidya kwa dambo. Popita inathamanga mokondweretsa chifukwa mphepo inali kumbuyo kwake. Pobwera inayamba kulimbana ndi mphepo yomweyo, batire n'kumatsika ngati madzi a mu ndowa yobooka. Ndinabalalika, ndinadina batani loti ibwerere yokha pamene inanyamukira. Inamvera ndithu, koma msinkhu umene ndinaiikira kuti izibwererapo unali wochepa kuposa mitengo ya bulugamu imene inali pakati pathu. Ndinakaitola m'tchire mapiko atathyoka, kamera ikulendewera. Akazi anga sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo kukhala chete kwawo kunandipweteka kuposa mau. Safunsa anadya phula.

Zolakwa zanga zinali ziwiri, ndipo mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito akanandiuza tsiku loyamba: popita uzipita moyang'anana ndi mphepo kuti pobwera ikukankhe, ndipo usananyamuke uziyang'ana mtengo kapena nsanja yaitali kwambiri pamalopo n'kuika msinkhu wobwererapo pamwamba pake. Ndalama imene ndinakonzetsera inaposa imene ndinkakana kulipira mphunzitsi.

Mwina mukuti ndiye yankho lapezeka, tilipire. Dikirani, manyazi anga sanathe. Nditapsa choncho ndinathamangira maphunziro a masiku awiri amene ndinawaona pa chilengezo. Tinalipo anthu makumi awiri, drone inali imodzi. Tsiku loyamba linathera kuonera zithunzi pa khoma. Lachiwiri aliyense anagwira limoti mphindi khumi, wophunzitsa ataima pambali dzanja lili chire kuopa kuti tingamugwetsere katundu. Pomaliza tinalandira satifiketi yokongola ya mizere yagolide, imene palibe ofesi ina iliyonse inaiwerengera kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinataya ndalama kawiri: koyamba chifukwa chokana kuphunzira, kachiwiri chifukwa cholipira osafufuza.

Kachitatu ndi pamene a ku ntchito ananditumiza ku maphunziro enieni a masabata angapo, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene munthu amagula akalipira sukulu yabwino. Si kukweza ndi kutsitsa drone ayi. Ma drone a masiku ano amaima okha m'mwamba mothandizidwa ndi GPS, ndipo mwana wa Sitandade 5 angathe kuikweza madzulo amodzi. Chimene umagula ndi zinthu zinayi.

Choyamba ndi kudziwa chochita zinthu zikasokonekera. Anatiphunzitsa kuulutsa GPS itazimitsidwa, pamene drone imangotengeka ndi mphepo ngati nthenga ndipo zala zako ndi zimene zimaigwira. Anatizoloweretsa kuiyendetsa itatiyang'ana, pamene kumanzere kwako kumasanduka kumanja kwake. Anatiuza kuti kampasi imasokonezeka pafupi ndi malata, galimoto ndi simenti ya zitsulo m'kati, choncho si malo onyamukirapo. Anatiuzanso kuti mphepo ya m'mwamba imakhala yamphamvu kuposa imene ukuimva pansi.

Chachiwiri ndi kusamala mabatire. Batire za drone sizifuna kusiyidwa m'galimoto yotentha, sizifuna kusungidwa masiku ambiri zili zodzaza kapena zitatheratu, koma zili chapakatikati. Ikayamba kufufuma, imeneyo yatha ntchito, ndipo ikhoza kuyaka moto m'nyumba. Batire ndi zida zina zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo kugwetsa drone kapena kuononga batire ndi tsoka lalikulu kuposa kale.

Chachitatu ndi malamulo ndi ulemu. Mlengalenga si munda wa agogo ako. M'maiko ambiri lamulo limati drone isapitirire mamita 120 kupita m'mwamba, isachoke m'maso mwa woulutsa, ndipo isayandikire bwalo la ndege. Mu Disembala 2018 bwalo la Gatwick, pafupi ndi London, linatsekedwa anthu atanena kuti aona ma drone pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera ndipo anthu pafupifupi 140,000 anavutika nyengo ya Khirisimasi. Ku South Africa, kumene ambiri a abale athu ali, malamulo a drone anayamba kugwira ntchito mu Julaye 2015, ndipo woulutsa pofuna kupeza ndalama amafunika laisensi. Kuno kwathu nakonso akuluakulu oona za maulendo a ndege ndi amene amapereka chilolezo, ndipo wanzeru amayamba wapita kwa iwo. Malo a asilikali, ndende ndi nyumba za boma si zojambula. Kumudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu ndi kufotokozera anthu chimene mwadzera. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu osalakwa anaphedwera chifukwa chongokayikiridwa. Mlendo wofika ndi chinthu chouluka cholira ngati njuchi, osalonjera, akudziputira ngozi. Ndipo palibe amene angakondwe kuona kamera ikuzungulira pamwamba pa bafa lake, pa maliro, kapena kudambwe.

Chachinayi, chimene ine ndimati ndiye nsima yeniyeni, ndi kusandutsa zithunzi kukhala chinthu chimene wina angalipire. Popanga mapu, drone imayenda mizere ngati mlimi wolima, ndipo chithunzi chilichonse chimabwereza mbali yaikulu ya chinzake, pafupifupi 70 mpaka 80 peresenti, kuti kompyuta ithe kuzilumikiza. Pansi pamaikidwa zizindikiro zoyezedwa bwino kuti mapuwo asaname. Kuulutsa kumatenga theka la ola, koma ntchito ya pa kompyuta imatenga tsiku lonse kapena kuposa. Ofesi yoyeza malo, kampani yomanga msewu kapena mwini esiteti sagula phokoso la drone, amagula mapu olondola ndi chiwerengero cha mahekitala.

Tsono kodi woyamba kumene alipire? Yankho likudalira chimene akufuna. Wofuna kungosangalala Loweruka masana asalipire maphunziro aatali. Agule kadrone kakang'ono kotchipa, awerenge buku lake lonse kuyambira tsamba loyamba, ayeserere pa mapulogalamu oyeserera a pa foni kapena pa kompyuta, afunse malamulo, ndipo apemphe munthu wodziwa kuti aime naye masiku awiri kapena atatu oyamba pamalo opanda anthu ndi mitengo. Wofuna kujambula maukwati ndi zinkhoswe afunika maphunziro afupi koma oona, chifukwa akuulutsa pafupi ndi mitu ya anthu, ndipo timapiko tija timacheka ngati lumo. Komabe adziwe kuti chimene chidzamudyetse ndi luso lojambula ndi kukonza kanema, ndipo m'mizinda mwathu ochita zimenezi achuluka kale. Wofuna ntchito ya mapu, ya zaumoyo, ya ulimi kapena ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ameneyu sangazembe sukulu yeniyeni, ndipo ndalama yake ndi mbewu.

Musanatulutse ndalama, funsani mafunso awa, ndipo musachite manyazi. Kodi sukuluyo ndi yodziwika kwa akuluakulu oona za ndege, ndipo pepala lake limafikitsa munthu ku laisensi? Pitani mukafunse kwa akuluakuluwo, osati kwa mwini sukulu yekha. Kodi wophunzira aliyense adzagwira limoti maola angati, ndipo drone imodzi adzagawana anthu angati? Kodi wophunzitsayo ali ndi laisensi, ndipo angakuonetseni buku limene amalembamo maulendo ake? Drone ikagwa pophunzira, alipira ndani? Kodi akuphunzitsanso kupanga mapu? Potsiriza, pemphani kuti akulumikizeni ndi anthu awiri amene anamaliza chaka chatha, muwafunse chimene akuchita lero. Sukulu yabwino imakondwa ndi mafunso otere. Imene ikukufulumizitsani kuti malo atsala awiri okha, tumizani ndalama lero lomwe, isiyeni ipite.

Palinso chinthu chimodzi chimene zilengezo sizinena. Luso limeneli limazilala ngati sukuligwiritsa ntchito. Mwana akamaliza maphunziro koma alibe drone, alibe kompyuta yamphamvu, ndipo palibe womutenga kuti aziphunzira ntchito, pakatha miyezi isanu ndi umodzi zala zidzakhala zitaiwala. Walira mvula walira matope: powerengera fizi, muwerengerenso zimene zikubwera pambuyo pake.

Nanga mayi aja ndinawayankha chiyani? Ndinawauza kuti chaka chino agule feteleza. Mnyamatayo ndinamutenga, ndipo Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri tsopano timapita naye pa bwalo ndi drone yanga yokonzetsa ija. Ndinamupatsa ntchito yowerenga malamulo, kuphunzira pulogalamu yaulere ya mapu yotchedwa QGIS, ndi kumatchera khutu ku maphunziro amene mabungwe ndi mayunivesite amalengeza nthawi zina, ena mwa iwo olipiriridwa. Ndinamuuza kuti akafika nthawi yokolola asanatope, ndiye kuti chidwi chake n'chenicheni, ndipo tidzakhala pansi ndi mayi ake kusankha sukulu titafunsa mafunso onse aja. Mpaka lero sanajombepo, ndipo sabata yatha anandikumbutsa ineyo kuti sindinayang'ane mbali imene mphepo ikuchokera.

Pempho langa kwa inu ndi ili. M'chipinda muno muli oyeza malo, alangizi a zaulimi, mainjiniya, anamwino ndi ojambula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati ku ntchito kwanu kuli drone kapena kuli mapu, lolani wachinyamata mmodzi adzaone mmene ntchitoyo imayendera makolo ake asanagulitse mbuzi. Amene muli ndi ana ofuna maphunziro amenewa, mundipeze tikamamwa tiyi, tionere limodzi chilengezocho.

Wapampando, nthawi imene munandipatsa yatha.