Mkamwini wa ku nyumba yachifumu



Mwandipempha kuti ndinenepo mawu pa moyo wa malemu Kalonga Philip, amuna awo a Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, amene anamwalira pa 9 Epulo 2021, kutangotsala miyezi iwiri kuti akwanitse zaka 100. Achikulire ena muli panonu munawaona ndi maso ku Blantyre mu Julaye 1964, atabwera kudzaimira Mfumukazi pa mwambo wa ufulu wathu wodzilamulira. Ambiri timawadziwa ali mu suti, manja kumbuyo, akuyenda pambuyo pa akazi awo. Koma bambo amenewa anali msilikali wa pamadzi, ndipo nkhondo anaiona.

Analowa sukulu ya usilikali ku Dartmouth mu 1939. Mu Malichi 1941, pa nkhondo ya Cape Matapan kufupi ndi Greece, anali mnyamata wa zaka 19 pa sitima ya HMS Valiant. Ntchito yawo usiku umenewo inali younikira sitima za Italy ndi nyali zikuluzikulu kuti oombera mizinga aone polunjika. Asilikali muli pano mukudziwa kuti woyatsa nyali mumdima ndiye woyamba kuonedwa ndi adani.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya ku Sicily mu 1943. Ndege ya adani inkabwerezabwereza kuponya mabomba pa sitima yawo, HMS Wallace, usiku. Iwo anati akhome matabwa msangamsanga, aikepo zofuka utsi, aponye m'madzi. Woyendetsa ndege uja pobwerera anaona utsi ndi moto, nayesa kuti ndi sitima ija, n'kumakhuthulira mabomba pa matabwa. Eni ake anali atasuntha kale mwakachetechete. Ukafuna kudziwa kumene nthabwala za munthuyu zinkachokera, yambira pamenepo: mutu wothamanga, wosachedwa kupeza potulukira.

Mu 1950 anapatsidwa sitima yawoyawo, HMS Magpie, ku Malta. Msilikali wa pamadzi aliyense amalota zimenezi. Koma sizinakhalitse. Apongozi awo, Mfumu George VI, anali kudwala, ndipo mu 1951 a Philip anasiya za panyanja. Mu Febuluwale 1952 ali ku Kenya, ndi iwo amene anauza akazi awo kuti bambo atsikira kuli chete.

Kuyambira pamenepo anakhala chimene ife kuno timati mkamwini. Mudzi ndi wa mkazi, ufumu ndi wa mkazi, ngakhale ana sanatenge dzina la bambo, mpaka mu 1960 pamene anagwirizana zophatikiza maina kukhala Mountbatten-Windsor. Zinawapweteka, ndipo sanabise. Abambo anzanga, tisanamizane: ndi angati mwa ife akanapirira zimenezi chaka chimodzi chokha? Iwo anakhala m'banja zaka 73. Kunja ankatsatira pambuyo, koma za ana anayi aja, Charles, Anne, Andrew ndi Edward, makamaka sukulu zawo, ankagamula ndi iwo. Ku Balmoral pa tchuthi ankaotcha okha nyama ya banja lonse. Mu 1997, pa maliro a Diana, anayenda pambuyo pa bokosi limodzi ndi adzukulu awo William ndi Harry, ana a Diana, amene anali atangotaya mayi.

Pa nthabwala ndinene chilungamo. Zina zinkapyola malire, ndipo anthu a mitundu ina anakhumudwa nazo, ndi chifukwa chomveka. Sitinasonkhane kuti tiwayeretse. Koma amene anakumana nawo amati ukamanjenjemera pamaso pa Mfumukazi, a Philip ankaponya mawu amodzi, n'kupezeka waseka, mantha atha. Ankadzisekanso okha. Pofika 2017, atagwira paokha ntchito zoposa 22,000 za boma, ankadzitchula katswiri wa dziko lonse pa kuvundukula zikwangwani zotsegulira nyumba.

Ngakhale maliro awo anawakonza okha. Anakana galimoto yapamwamba, nasankha Land Rover yobiriwira ngati ya asilikali, ndipo kwa zaka zambiri ankauza amisiri mmene aisinthire kuti bokosi lidzakwane bwino kumbuyo. Ndi imeneyo inawanyamula ku Windsor pa 17 Epulo 2021.