Nkhwazi ya pa Chizindikiro cha Dziko



Aliyense wogwira ntchito m'boma amaona chizindikiro cha dziko lino tsiku ndi tsiku pa makalata a boma ndi pa ziphaso zoyendera, koma amene amachiyang'anitsitsa ndi owerengeka. Chizindikirochi chinakhazikitsidwa pa 30 Juni 1964, kutatsala masiku 6 kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira. Chinalowa m'malo mwa chija cha Nyasaland cha mu 1914, chimene chinali ndi kambuku ataima pa thanthwe.

Pakati pake pali chishango chogawidwa patatu. Chigawo chapamwamba chili ndi mafunde oimira Nyanja ya Malawi, chapakati chili ndi mkango wagolide pa malo ofiira, ndipo chapansi chili ndi dzuwa lotuluka pa malo akuda, kusonyeza m'bandakucha wa ufulu. Mkango ndi kambuku agwiriziza chishangocho ataponda phiri la Mulanje, ndipo m'munsi mwake muli mawu a Chingerezi otanthauza Umodzi ndi Ufulu. Pamwamba pa zonsezi pali nkhwazi, itatambasula mapiko pa madzi, dzuwa lili kumbuyo kwake.

Motero nyanja ikuoneka kawiri pa chizindikirochi, ndipo anthu a m'boma la Mangochi ayenera kuzindikira kuti ulemu umenewu wabwera ndi udindo. Kuno ndi kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja kulowera ku Malombe. Nkhwazi imene ena amangoiona pa pepala, msodzi wa ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear amaimva ikulira m'mawa uliwonse.

Koma nkhwazi imadya nsomba. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, amene amakokolola ndi kasawala yemwe. Nsomba zikatha mbalameyi idzasamuka, msodzi adzagona ndi njala, ndipo ana a m'tsogolo adzaidziwira pa chidindo cha boma chokha.

Nchifukwa chake mlangizi wa zausodzi, mfumu ya m'mudzi ndi komiti ya pa doko ayenera kukhala pakamwa pamodzi poletsa maukonde oononga, ndi poonetsetsa kuti nyanja ikatsekedwa mu Novembala, nthawi imene chambo chimaswa, khoka lisalowe m'madzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo umodzi wolembedwa pa chizindikirochi uyenera kuonekera pa doko.