MBALE WA PA CITSIME

Mau olalikidwa m'kacisi wa ku Mphunzi, Dedza. Kuwerenga: Genesis 29:1-14.

Tamva za Yakobo, mlendo wothawa kwao, amene anafika pa citsime ca ku Harana wopanda kanthu m'manja koma ndodo. Abale a amace anali asanawaone ndi kale lonse. Maina ao okha ndiwo anawamva pakamwa pa Rebeka. Koma pozindikira kuti namwali wakudza ndi nkhosa ndiye mwana wa malume wace, anakunkhuniza mwala, namwetsa zoweta, nalira mokweza. Ndipo Labani pakumva sanatuma mnyamata ai, anathamanga yekha kukamcingamira.

Kale ndinayesa nkhani iyi ya anthu akutali. Tsopano ndidziwa kuti iri yathu, ife a ku Dedza.

Inu akuru mukumbukira kuti njira ya ku Tete inameza ana a dziko lino. Msonkho unawaturutsa m'midzi. Ena anayenda pansi kunka ku Harare, mudzi umene Azungu anaucha Salisbury. Ena analembedwa ndi Mthandizi. Ena anatengedwa ndi Wenela kumigodi ya ku Joni, kufikira caka ca 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha amuna athu oposa 70, boma niliretsa ulendowo. Ku Harare anacuruka kotero kuti mu 1912 Misyoni inatumako Mbusa T.C.B. Vlok kukawaweta, ndipo m'mbeu imeneyo munaphuka Sinodi ya Harare mu 1965. Ambiri anabwera ndi njinga ndi mabulangeti. Ena sanabweranso, ndipo tinawacha machona.

Mmodzi wa iwo anali malume anga, mlongo wao wa amai. Anacoka ndisanabadwe. Makalata anafika awiri, pambuyo pace kunangoti zii. Amai ankati, Anatitaya. Ndipo anatsikira kumanda ali ndi mau omwewo.

Caka catha ndinatumidwa ku Harare pa nchito ya Eklesia. Tsiku la Sabata ku Mbare, alendo tinaimitsidwa kuti tichule kwathu, ndipo ndinachula mudzi wathu ndi mfumu yace. Titaturuka, munthu waimvi anandigwira mkono, nandifunsa m'Cicewa cothyokathyoka cosanganiza ndi Cishona, Abusa, kodi kumudzi kwanu mudziwako mai wakutiwakuti? Dzina limene analichula linali la amai anga. Ndipo anati, Atate athu anali mlongo wao, ndipo mwana wao woyamba wamkazi anamucha dzina lomwelo.

Abale, ndinalira monga Yakobo. Madzulo amenewo ndinadya sadza pakati pa asuweni anga, ndipo anandiuza cimene amai sanacidziwe. Malume anakalambira m'minda ya fodya ya eni ace, osapata kanthu. Caka ndi caka ankati, Ndidzanka kwathu ndikapeza cofunda ca mlongo wanga. Si cidani cimene cinawatsekera njira, koma manyazi a kubwera cimanjamanja. Ndipo ife kuno tinawaweruza mlandu osaumva.

Taonani tsono tsoka la ana ao. Kwa ife Acewa mwana ndi wa kwa amace. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate wace. Motero kuno tinati, Ali kwao kwa amai ao. Kumeneko anati, Kwao ndi ku Malawi. Yense anawakankhira kwa mnzace. Lamulo la Zimbabwe la mu 2001 linasiya ambiri otere opanda dziko, kufikira malamulo atsopano a mu 2013 anawabvomereza obadwira komweko. Msuweni wanga sanandipempha ndalama kapena munda. Anati, Ndifuna kuona manda a agogo ndisanafe.

Tsono ndiri ndi mau atatu.

Loyamba kwa inu amene ana anu ali ku Joni lero. Lamya iri m'thumba mwanu. Musaiyese cotengera ndalama cokha. Mwana akaleka kutumiza, pamenepo ndipo afunika mau anu koposa. Muuzeni kuti khomo liri lotseguka ngakhale adze ndi ndodo yokha.

Laciwiri ndilo cenjezo. Labani yemweyo amene anathamanga, utapita mwezi umodzi anayamba kunena za malipiro. Ananyenga Yakobo pa ukwati, nasintha mphotho yace kakhumi. Mlendo wa mwazi wanu akafika, musayambe kupenya mtolo wace musanapenye nkhope yace.

Lacitatu kwa inu aphunzitsi a m'midzi. Phunzitsani ana dzina la mudzi wao, mfunda wao, ndi maina a ambuye ao. Funsani nkhalamba zikali ndi moyo, mulembe maina a onse amene anapita osabwera. Dzina limodzi losungidwa m'kamwa mwa mwana ndilo linandipezetsa mbumba yonse.

Potsiriza, okondedwa, tonsefe ndife machona. Tinacoka kwa Atate wathu, tinamwaza zathu, ndipo manyazi atiletsa kubwerera. Koma Mwana wace sanalindira kuti tipeze cofunda. Anadza yekha ku dziko la ulendo wathu, natifuna, naticha abale ace osacita nafe manyazi. Iye amene analandiridwa cotero, adzatseka bwanji citseko pa mwana wa malume wace?

Msuweni wanga adzafika pakati pathu tikatha kukolola. Ndipempha kuti mumcingamire. Amen.